Chimbale Chosungidwa Mumdima

Lachiwiri masana Radostina anaima m'kashopu ka Tihomir kokonzeramo makompyuta, manja ali m'matumba a jekete yake yakuda, akudikira kuuzidwa zimene ankazidziwa kale. Tihomir anatulutsa chimbale m'makina, anachigwira m'mphepete ndi zala ziwiri n'kuchikwezera kuwindo.

"Tayandikira, Rada. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona dzuwa."

"Vuto lake ndi limenelo. Dzuwa silidutsa m'chimbale chamoyo."

Rada anayandikira. Timabowo ting'onoting'ono, ngati tobooledwa ndi singano, tinali mbwee kuzungulira dzina lolembedwa ndi cholembera chakuda: Kamen, 2004. M'mphepete monse chinali chitafiirira ngati tiyi.

Kamen anali mwamuna wake. Loweruka la mlungu womwewo zinkakwana zaka zisanu ndi chimodzi chifereni pangozi ya thiraki panjira ya ku Burgas. Anasiya nsapato, gitala, mayi ake, ndi chimbale chimenechi, chomwe anadzijambulira yekha pakompyuta ya pabalaza. Nyimbo imodzi basi, ya mphindi zinayi. Kwina kulikonse mawu ake kunalibe. Chaka ndi chaka, pa tsiku lomukumbukira, akachoka kumanda, mayi ake a Stoyanka ankachiika m'wailesi, nyumba yonse zii, kumvetsera. Koma Lamlungu lapitalo akuchiyesa, Kamen anayamba kuchita chibwibwi.

"Wapulumutsapo zingati?" anafunsa Rada.

"Masekondi makumi anayi, apa ndi apo. Ndayesa m'makina atatu."

"Paja amati zimbale sizifa."

"Ankatero ndi anyamata ogulitsa kumsika, ati zaka zana. Zogula kusitolo zija, zodinda kufakitale, zimalimbadi. Koma izi zodzijambulira pakhomo ndi utoto chabe, Rada. Kompyuta imangowotcha timadontho pa utoto, ndipo utoto umasuluka. China chimatha zaka zisanu, china makumi awiri, ndipo chako sungachidziwe mpaka tsiku loti wachifuna. Mumachisunga pati?"

"Pashelefu ya chithunzi cha Mayi Maria. Pambali pa kanyale."

"Kanyale koyaka?"

"Sikazima."

"Windo lilipo?"

"La kumadzulo. Loweruka lililonse mayi amachipukuta ndi kachasu wa rakiya. Akatha amachipsompsona padzinapo."

Tihomir anatsinzina, n'kudzisisita pachipumi.

"Padzinapo ndiye pali nyimbo. Anthu amasamala kunsi konyezimirako, pomwe khungu lopyapyala ndi la pamwambali. Chimbale chimafuna mdima. M'dirowa, pansi pa zovala, poti palibe wochiona kapena kuchikhudza. Koma zimenezi usakawauze."

Rada anadikira kuti zimupweteke. Anadikira ndithu, akuyang'ana zingwe zolendewera pakhoma, koma mumtima munalibe chilichonse. Umu ndi mmene ankakhalira zaka zonsezi. Ngakhale mu Marichi, Tihomir atamutsegulira kabokosi ka mphete pabenchi ya m'paki, sanalire, sanaseke. Anangoti, "Ndikufuna, koma mayi avomere kaye." Mayi ake omubereka anamwalira kalekale, ndipo a Stoyanka anali atakhala nawo nyumba imodzi zaka khumi, kudya tebulo limodzi, kudwala chimfine chimodzi. Kuwasiya akulira sakanatha. Ndipo a Stoyanka, miyezi isanu ndi iwiri tsopano, yankho lawo linali limodzi: m'nyumba ya Kamen mwamuna analowamo kale.

Belu la pachitseko linalira. Analowa Gergana wa pashopu ya mankhwala yoyandikana, khofi ali m'manja. Anaphunzira kalasi imodzi ndi Rada, sanakwatiwepo, ndipo tsiku lililonse ankamubweretsera Tihomir khofi ngati wolembedwa ntchito. Tauni yonse ya Sliven inkadziwa chimene mtsikanayu ankafuna, kapena inkaganiza kuti ikudziwa.

"Moni akwati. Aa, pepani, ndayiwala, apongozi sanadinde chidindo." Anaika kapu patebulo. "Tisho, imwa isanazizire. Ena amakonda kusiya zinthu zizizire."

Kenako anaona chimbalecho. Maso ake anakakamira padzinalo.

"Chatani?"

"Chikufa," anatero Rada.

"Ndiye kuti zakuyendera. Njira yatseguka." Gergana anaseka kuseka kwake kuja, kothera m'mphuno ngati kankhumba, komwe aphunzitsi ankamutulutsira nako m'kalasi. Anatuluka osatseka chitseko.

* * *

Pachitseko cha nyumba yawo, pansanjika yachinayi, a Stoyanka anali atamata kale pepala latsopano la chikumbutso. Chithunzi cha Kamen chinali chomwe chija, anangosintha nambala ya zaka. Rada anawapeza kukhitchini akusankha tirigu wokagawa kumanda Loweruka.

Anawauza mwachidule. A Stoyanka anapukuta manja, analanda chimbalecho n'kukachiika m'wailesi. Makina anazungulira, anakhosomola, anazunguliranso, n'kukhala duu.

"Chapita chikuchita chibwibwi, chabwera chili bubu," anatero a Stoyanka.

"Mayi, akuti zimbale zotere zimatha zokha. Ndi utoto."

"Akuti. Ndani akuti? Wapereka mawu a mwana wanga kwa munthu amene akufuna bedi lake, ndiye ukudabwa? Zaka zisanu ndi zinayi chakhala m'manja mwanga chili bwinobwino. Tsiku limodzi m'manja mwake, chafa. Wandiphera mwana kachiwiri, mtengwa, iwe uli chiimire pomwepo."

Rada anayang'ana pashelefu. Kanyale kanali kakuyaka, dzuwa la madzulo likugwera ndendende pamene chimbalecho chinkatsamira. Mawu anali pakamwa, okwana kumuyeretsa Tihomir. Koma mayi wazaka makumi asanu ndi awiri ungamuuze bwanji kuti mwana wake wamufufuta yekha ndi milomo? Anameza.

"Munthu ameneyo pakhomo pano asapondepo. Nkhani ya mphete yatha lero."

"Ndamva, mayi."

Rada anakhala pansi n'kupitiriza kusankha tirigu, timiyala uku, tirigu uku. A Stoyanka anaima nthawi yaitali atakumbatira chimbalecho pachifuwa. Kenako anatenga foni, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Rada anaganiza kuti akuimbira mng'ono wawo wa ku Yambol.

* * *

Lachitatu m'mawa Rada anamulembera Tihomir uthenga. "Akuti wachiwononga dala. Akuti usabwerenso."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Wawauza za kanyale?"

"Ayi."

"Wachita bwino. Ndisenza ine."

"Usenza mpaka liti?"

Tsiku lonse foni inangoti zii, zomwe sizinali khalidwe la Tihomir, munthu wolemba uthenga ngakhale wongonena kuti kunja kuli mphepo.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro Rada anadzera kushopu kuja popita kukagula shuga ndi mtedza wothira m'tirigu. Chitseko chinali chokhoma, kapepala kakulendewera: Ndibwera posachedwa. Koma pagalasi anawaona onse awiri. Tihomir anali pakompyuta, zomvera nyimbo zili kumakutu, mutu uli pansi. Gergana anakhala pambali pake, pampando umene ankakhalapo Rada, akupukuta maso ndi kansalu.

Mkazi wina akanagogoda mpaka galasi kusweka. Rada anaima, anadzifufuza mumtima ngati munthu wofufuza makiyi m'chikwama, nsanje osaipeza. Anangoganiza kuti: kodi ndi choncho. Anapita kukagula shuga. Wogulitsa anamufunsa ngati ali bwino, iye anati ali bwino.

Madzulo ake uthenga unalowa. "Ndapeza njira. Loweruka nyimbo ilira yonse."

"Unati masekondi makumi anayi."

"Ndinasunga zotsalira pakompyuta. Ndayesanso."

"Gergana amakuthandiza kuyesako?"

Panapita mphindi khumi. "Si zimene ukuganizazo, Rada."

"Ine sindikuganiza chilichonse," analemba, ndipo sankanama.

Lachisanu a Stoyanka, akuwiritsa tirigu, anayankhula osatembenuka.

"Mawa uwonjezere mbale imodzi. Tihomir abwera."

"Munati asapondepo."

"Ndinatero. Akuti wachitsitsimutsa. Ngati n'zoona, ndinamulakwira."

M'zaka khumi Rada anali asanawamvepo akunena kuti alakwira munthu. Anatulutsa mbale ina m'kabati n'kuitsuka.

* * *

Loweruka anapita kumanda m'mawa. Anathira vinyo pamanda, anagawa tirigu kwa odutsa, aliyense akulandira n'kunena kuti Mulungu amukhululukire. Pobwerera, pabalaza panakhala anthu asanu ndi awiri: a Stoyanka, Rada, amayi atatu oyandikana nawo, Gergana amene sankaphonya chaka chilichonse, ndi Tihomir, atavala taye yomufinya pakhosi, atakhala m'mphepete mwa mpando.

Anatulutsa chimbale chatsopano, chosalembedwa kanthu. A Stoyanka anachilandira ndi manja awiri.

Nyimbo imeneyi Rada ankaidziwa sekondi iliyonse. Poyambira mpando umalira, Kamen n'kunena kuti, "Rada, iyi ndi yako, usaseke." Kenako gitala. Pandime yachiwiri pamamveka mawu a mkazi patali, akuitana kuchokera kukhitchini: "Kamen, supu ikuzizira." Mkaziyo anali iyeyo. Kamen amaseka pakati pa liwu, n'kuphonya chingwe, n'kupitiriza.

Wailesi inayamba ndi gitala. Mpando sunalire, dzina silinatchulidwe. Rada anati mumtima, poyambira m'pomwe panali mabowo ambiri, pafa. Mawu anabwera oyera ngati munthuyo ali kuseri kwa katani. Amayi oyandikana nawo anayamba kufwenthera. A Stoyanka anagwira pakamwa.

Ndime yachiwiri inafika. Rada anatchera khutu kudzidikira yekha.

Palibe anaitana. Kamen sanaseke, sanaphonye chingwe. Anaimba mosamala, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumuyang'ana m'maso. Chonchi anali asanamuimbirepo. Chingwe chomaliza chinalira, chinazilala, ndipo kumapeto kwenikweni, wailesi isanatseke, panamveka kuseka kwa mkazi. Kunali kwakufupi, kothera m'mphuno.

Palibe anatembenuka. Amayi aja anali kalikiliki ndi misozi yawo. Gergana ankayang'ana m'mbale yake ya tirigu.

A Stoyanka anaimirira n'kutambasula dzanja. Tihomir anawerama, analipsompsona n'kuligunditsa pachipumi.

"Wandibwezera mwana," anatero a Stoyanka. "Ndinakunenera zoipa, undikhululukire. Pamaso pa anthu awa ndikunena: mtengwa wanga mutenge. Wandisamala mokwanira. Mukhale bwino."

Amayi aja anamukumbatira Rada mmodzimmodzi, akununkhira vinyo ndi sinamoni. Iye anapereka tsaya lamanja, kenako lamanzere. Mawu amene anawadikira miyezi isanu ndi iwiri anali atanenedwa, ndipo ankawamva ngati akunenedwa m'nyumba ya eni ake.

* * *

Anamupeza Tihomir pamasitepe, akumasula taye. Anatseka chitseko kumbuyo kwake, chithunzi cha Kamen chili paphewa pake.

"Supu ili kuti?"

"Supu yanji?"

"Pandime yachiwiri ndimaitana kuti supu ikuzizira. Ili kuti?"

Tihomir anayang'ana taye m'manja mwake. Bodza silinkamukhala munthuyu, makutu ankafiira asanatsegule n'komwe pakamwa.

"M'masekondi makumi anayi aja munalibe supu," anatero motsitsa. "Sindinadziwe."

"Wadula chiyani poyambira?"

"Mawu anayi."

"Anene."

"Rada, chonde."

"Anene, Tisho."

"Geri, iyi ndi yako."

M'munsi mwa masitepe wina anali kukoka njinga, ikugunda sitepe iliyonse. Rada anamvetsera mpaka phokoso linatha. Geri. Kuyambira kusukulu Gergana sankalola aliyense kumuitana choncho. Ndiye khofi yense uja, mawu olasa onse aja, sizinali za Tihomir ayi. Mkaziyo ankangobwera kudzaona munthu amene akufuna kukhala pamalo a Kamen.

"Ndiye chimbalecho ndi cha Gergana. Chalembedwa chaka chanji?"

"Chomwecho. 2004."

"Tinali titatha chaka chimodzi m'banja." Anazinena ngati akuwerenga pakalendala. "Chili bwanji chakecho?"

"Ngati chogula dzulo. Bowo ngakhale limodzi."

"M'dirowa."

"Pansi pa zovala."

"Anabwera nacho yekha?"

Tihomir anapukusa mutu wake wotuwa, osamuyang'ana. "Anamutuma a Stoyanka. Anamuimbira Lachiwiri. Kenako anandiimbira ine. Anati ndikachotsa dzinalo, iwe osadziwa, avomera."

"Iwo anadziwa bwanji kuti Gergana ali nacho?"

Yankho Rada analipeza yekha. Zaka zisanu ndi chimodzi za malaya akuda. Akapita kokayenda ndi anzake, pobwera ankapeza nkhope yokwinya. Akapaka milomo, ankamva kuti Kamen sanayang'anepo mkazi wina, mtengwa, ukumbukire zimenezo. Ndipo mayi ameneyo nambala ya Gergana sanachite kuifunafuna.

"Ndatopa kudikira, Rada. Ndikunena zoona, ndatopa. Ndinati mawu ndi ake ndithu, nyimbo ndi yomweyo, mayi asangalala, iwe umasuka. Ndinati wapwetekedwa ndani?"

"Kuseka kuja sunakumve?"

"Ndinakumva."

"Nanga unakusiyiranji?"

"Ndinakudula. Ndinakubwezera. Ndinakudulanso. Pojambula chimbale ndinakubwezera." Anapuma. "Sindinafune kukuuza. Sindinafunenso kuti ukwatiwe nane usakudziwa. Ndine wamantha, ndi zimenezo."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi kaja, m'makona mutayamba kale kutha chifukwa choyenda nako. Sanakatsegule. Anangokagwira pakati pa iwo awiri.

"Lolemba tipite kukalembetsa tsiku?"

Rada anakayang'ana. Ankamukonda munthuyu, ankadziwa zimenezo monga mmene munthu amadziwira nambala ya nyumba yake. Koma Lachinayi lija anakhala pampando ndi Gergana, atakhoma chitseko, akumukonzera bodza loti amwe pamodzi ndi tirigu.

"Ndikukatsuka mbale," anatero.

* * *

Alendo atapita, Rada anatsuka mbale zisanu ndi ziwiri, anazipukuta n'kuzibwezera m'kabati. Ya Gergana inabwera tirigu ali momwemo. Atalowa pabalaza anapeza a Stoyanka atalemba kale dzina pachimbale chatsopano ndi zilembo zawo zonjenjemera. Chakale chija chinali patebulo, pakati pa nyenyeswa za buledi.

"Mayi, lero supu simunaimve?"

A Stoyanka sanatembenuke. Dzanja lawo linaima pang'ono, kenako linapitiriza kupukuta shelefu.

"Ine ndamva mwana wanga. Zinazo sindinamvetsere."

"Chaka chilichonse munkaseka pamenepo."

"Wapeza chimene unkafuna, mtengwa. Inenso ndapeza changa. Tisakumbe."

Apa ndiye chinthu chinasuntha mumtima mwa Rada, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Sichinali chisoni. Unali mkwiyo, waung'ono, wozizira, koma wake. Anaima nawo phee, kuopa kuti ungathawe.

A Stoyanka anapsompsona chimbalecho padzina, n'kuchitsamiritsa pachithunzi cha Mayi Maria, pambali pa kanyale. Kenako anakayika. Anachichotsa, anachibwezera, n'kutembenuka. Nkhope yawo inali ya mayi wokalamba wamantha basi.

"Tihomir ananenapo za kasungidwe? Ine chija sindikufuna chichitikenso. Pano pali bwino?"

Rada anayang'ana kanyale, anayang'ana windo. Foni inanjenjemera m'thumba mwake kawiri, iye osaigwira.

"Akuti pamenepo ndiye pabwino, mayi."

Anatenga botolo la mafuta n'kuwonjezera m'kanyale mpaka lawi linakwera. Kenako anapita kuwindo n'kukoka katani yense mpaka kumapeto. Dzuwa la madzulo linagwera padzina la Kamen.

"Kuti muzimuona bwino," anatero.